Tiyi Wobiriŵira ndi Mtima wa Munthu: Zoona Zake N'ziti?

Mwezi wa June ukafika m'dera la Mfumu Yaikulu Mwase ku Kasungu, zinthu ziŵiri zimafikira limodzi: chisanu cha m'bandakucha ndi ndalama za fodya. Zigafa zimakhala zitayamba kupepuka, mabelo ali pa ulendo wopita ku msika wa Chinkhoma, ndipo mlimi amene wakhala miyezi yambiri akudalira ngongole amayambanso kupuma bwino. Nyengo imeneyi eni matiyirumu sagona tulo. Kusanache mbaula imakhala itayaka kale, ketulo ikuŵira, masikono ndi mandasi ali mulu m'beseni, ndipo pabenchi pamakhala podzaza ndi anthu ofuna kupirikitsa chisanu ndi kapu ya tiyi wa mkaka.

Komatu si eni matiyirumu okha amene amadziŵa kuti ndalama zafika. Tsiku lina m'nyengo yotere ndinali m'tiyirumu ina kufupi ndi boma la Kasungu pamene munaloŵa mnyamata wovala bwino, chikwama chili papheŵa. Atapereka moni mwaulemu, anayala patebulo timapaketi ta masamba ndi timabotolo ta makapisozi.

"Abambo anga, uyu ndi tiyi wobiriŵira wochokera kunja," anatero mnyamatayo. "Amatsuka magazi, amasungunula mafuta m'thupi, ndipo BP ndi shuga zimatheratu."

Mkulu wina wa imvi, amene panthaŵiyo ankathira supuni yachinayi ya shuga m'kapu mwake, anadzutsa mutu nafunsa kuti, "Nanga mapiritsi amene ndimalandira kuchipatala aja, mwana wanga?"

"Amenewo mudzaŵaiŵala, bambo," anayankha mnyamatayo osaphethira n'komwe.

Mkulu uja anapisa m'thumba, natulutsa ndalama zoti akanatha kugula nkhuku ziŵiri, nalandira kabotolo kamodzi.

Yankho la mnyamata uja ndi limene landichititsa kuti ndilembe nkhani ino. Bodza lenileni siliopsa kwambiri chifukwa silichedwa kugwidwa. Loopsa ndi bodza limene lasakanizidwa ndi choonadi pang'ono, ndipo nkhani ya tiyi wobiriŵira ndi yotero. N'zoona kuti tiyi ameneyu ali ndi ubwino wake pa mtima ndi pa magazi. Koma ubwinowo ndi waukulu bwanji? Nanga ungaloŵe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala? Tiyeni tiunike bwino, aŵerengi, poti safunsa anadya phula.

Tsamba ndi limodzi

Choyamba choyenera kudziŵa n'chakuti tiyi wobiriŵira si mtengo wachilendo wa kutsidya kwa nyanja ayi. Ndi tsamba lomwe lija limene limathyoledwa ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay, lochokera ku chitsamba chimene akatswiri a zomera amachitcha Camellia sinensis. Tiyi wakuda amene timamwa tsiku ndi tsiku ndi tiyi wobiriŵira amasiyana pa kakonzedwe chabe.

Mlimi wa kwa Mwase angamvetse kusiyana kumeneku msanga kuposa wina aliyense. Fodya wa bale akamupachika m'chigafa amauma pang'onopang'ono ndi mphepo, ndipo tsamba limasanduka lofiirira. Koma fodya wa m'balani amamuumitsa ndi kutentha kwa moto wodutsa m'mipope, ndipo kutenthako kukafika pa mlingo wake kumaimitsa kusintha kwa mtundu, tsamba n'kutsala lachikasu. Ngakhale mbewu za fodya ziŵirizi ndi zosiyana, chinsinsi cha mtundu wa tsamba chagona pa chinthu chimodzi. M'tsamba lamoyo muli tinthu totchedwa maenzaimu timene timadetsa tsambalo likakumana ndi mpweya, monga mmene nthochi kapena mbatata imadera mukaidula n'kuisiya pambale. Moto umapha mphamvu ya maenzaimuwo.

Ndi mmenenso zimakhalira ku fakitale ya tiyi. Pokonza tiyi wakuda, masamba amaŵafotetsa, kuŵaduladula ndi makina, kenaka n'kuŵasiya kuti akumane ndi mpweya mpaka atafiira, ndipo pomaliza amaŵaumitsa. Pokonza tiyi wobiriŵira, masamba amaŵatenthetsa atangothyoledwa kumene. Ku Japan amagwiritsa ntchito nthunzi, pamene ku China kaŵirikaŵiri amaŵakazinga m'ziwaya zazikulu. Motero tsamba silipeza mpata wakuda, ndipo limasunga zambiri mwa zinthu zachilengedwe zotchedwa makatekini. Chodziŵika kwambiri mwa makatekiniwo amachitchula mwachidule kuti EGCG. M'tiyi wakuda, ambiri mwa makatekini amakhala atasanduka zinthu zina za mtundu womwewo, zimene zimapatsa tiyi wathu kufiira ndi ukali umene timaukonda uja.

Kuno kwathu tiyi ndi mlendo wakale. Mbewu zoyamba zinafikira pa mishoni ya Blantyre m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, ndipo m'chaka cha 1891 Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje. Kuyambira m'chaka cha 1966, bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa lakhala likufufuza za mbewuyi pa Mimosa, ku Mulanje komweko. Pafupifupi tiyi yense wa m'Malaŵi ndi wakuda, ndipo wochuluka amagulitsidwa kunja. Komabe esiteti ya Satemwa ku Thyolo, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1923, imakonzanso tiyi wobiriŵira. Tsono munthu akakuuzani kuti tiyi wake ndi wamphamvu chifukwa wachokera kutali, dziŵani kuti akukugulitsani ulendo wa tiyiyo, osati mphamvu yake.

Chifukwa chake anthu akumvera

Mnyamata wa chikwama uja sakanapeza msika kukanakhala kuti anthu sakuvutika. Kale tinkati kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga ndi nthenda za mabwana a m'tauni. Maganizo ameneŵa anatsutsidwa m'chaka cha 2009 pamene Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la World Health Organization, unachita kafukufuku m'dziko lonse pakati pa anthu a zaka zoyambira 25 kufikira 64. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga wokwera. Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa anthu a magazi othamangawo, oposa 9 mwa 10 alionse sankadziŵa za vuto lawo kapena sankalandira mankhwala. Ndipo vutoli silinali la m'tauni mokha. Kumudzi nakonso linalipo lambiri.

Nthenda imeneyi ilibe phokoso. Munthu amatha kulima, kusoka fodya, kudinda mabelo ndi kupalasa njinga kupita ku boma osamva kupweteka paliponse, chonsecho mitsempha yake ikuonongeka, mtima ukukula chifukwa chogwira ntchito yoposa muyeso, ndipo impso zikutopa. Tsiku lina amangogwa ali pakhonde, pakamwa n'kupotoka, mkono ndi mwendo wa mbali imodzi n'kuleka kugwira ntchito. Kumudzi zikatere timayamba kulozana zala, kunena kuti wamenyedwa ndi hamala ya amfiti chifukwa anagulitsa bwino fodya. Kunena zoona, kaŵirikaŵiri imeneyo imakhala sitiroko: mtsempha wa mu ubongo waphulika kapena watsekeka, ndipo gwero lake lalikulu ndi magazi amene akhala akuthamanga kwa zaka zambiri popanda woŵaletsa.

Mankhwala a nthendayi ndi omwa tsiku lililonse, nthaŵi zambiri kwa moyo wonse. Munthu amatopa nawo, ulendo wa kuchipatala umafuna ndalama, ndipo popeza sakumva kupweteka amaona ngati wachira. N'chifukwa chake mawu akuti "mudzaŵaiŵala" amagwera pa nthaka yachonde.

Zimene ofufuza apeza

Kutamanda tiyi wobiriŵira sikunayambe lero. Mmonke wa ku Japan dzina lake Eisai, amene anabweretsa mbewu za tiyi kuchokera ku China, analemba m'chaka cha 1211 kuti chakumwa choŵaŵachi chimalimbitsa mtima. Anthu anakhulupirira zimenezi kwa zaka mazana ambiri popanda woziyesa. Kuyesa kwenikweni kwachitika m'nthaŵi yathu ino.

Kafukufuku wotchuka kwambiri ndi wa ku Ohsaki, m'chigawo cha Miyagi ku Japan, amene zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2006. Ofufuza a pa yunivesite ya Tohoku anafunsa anthu 40,530 a zaka zoyambira 40 kufikira 79 za kamwedwe kawo ka tiyi wobiriŵira, kenaka anaŵalondola kwa zaka zofikira 11. Anapeza kuti amayi amene ankamwa makapu asanu kapena kuposerapo patsiku, chiopsezo chawo chomwalira ndi nthenda za mtima ndi mitsempha chinali chotsika ndi magawo 31 pa 100 poyerekeza ndi amene sankafika ndi kapu imodzi yomwe. Kwa abambo chinali chotsika ndi magawo 22 pa 100. Kusiyana kwakukulu kunaoneka pa sitiroko. Koma pa imfa za khansa sanapeze kusiyana kulikonse.

Ziŵerengero zimenezi n'zokopa, ndipo ndi zimene amalonda amakonda kutchula. Komabe pali zinthu ziŵiri zoyenera kuzisunga m'mutu. Choyamba, anthu a ku Japan amamwa tiyi wobiriŵira m'timakapu tating'ono, wopanda shuga ndiponso wopanda mkaka. Chachiŵiri, kafukufuku wongolondola anthu sangatsimikize kuti tiyi ndiye anaŵateteza. Aphunzitsi adzamvetsa fanizo ili: mukapeza kuti ana obwera kusukulu atavala nsapato amakhoza bwino mayeso, simunganene kuti nsapato zimapatsa nzeru. Mwina kwawo kwa anawo kuli chakudya chokwanira, nyali yoŵerengera ndi makolo olimbikitsa sukulu. Chimodzimodzi, munthu wokonda tiyi wobiriŵira angakhalenso wodya masamba ndi nsomba zambiri, woyenda pansi, ndi wosamala moyo wake m'njira zina. Ofufuza amayesetsa kuchotsera zinthu zoterezi poŵerengera, koma sangazichotse zonse.

Njira yodalirika ndi yogaŵa anthu m'magulu aŵiri mwa maere, gulu lina n'kulipatsa tiyi, lina ayi, kenaka n'kuyeza magazi awo. Mayeso otere achitika ambiri, ndipo akaŵaphatikiza amatiuza zinthu zofatsa kuposa za amalonda.

Pa mafuta a m'magazi otchedwa kolesterolo, amene akachuluka amatseka mitsempha, kuunika kwa m'chaka cha 2011 kophatikiza mayeso 14 kunapeza kuti tiyi wobiriŵira amaŵatsitsa ndi mamiligalamu pafupifupi 7 pa desilita ya magazi. Kuti timvetse kukula kwake, mlingo umene madokotala amafuna kuti munthu asaupitirire ndi 200. Ndiye kuti kutsikako kulipo ndithu, koma n'kochepa.

Pa kuthamanga kwa magazi, bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula mayeso a zamankhwala mosakondera, linanena m'chaka cha 2013 kuti tiyi wobiriŵira amatsitsa BP ndi manambala atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo linachenjeza kuti mayesowo anali oŵerengeka ndiponso a nthaŵi yochepa. Tsono taganizirani za mkulu wa m'tiyirumu uja. Tiyerekeze kuti nambala yake yapamwamba ndi 170, pamene malire amene achipatala amayambira kuda nkhaŵa ndi 140. Tiyi angamufikitse pa 167 basi. Piritsi limodzi la BP lomwa pa mlingo wake limatsitsa nambalayo ndi pafupifupi 9, ndipo n'chifukwa chake odwala ambiri amapatsidwa mitundu iŵiri kapena itatu. Kusiya mapiritsi chifukwa cha tiyi kuli ngati kugwetsa mzati wa chigafa n'kuikapo bango.

Pa shuga wa m'magazi, kuunika kwa mayeso 17 kwa m'chaka cha 2013 kunapeza kuti shuga woyezedwa munthu asanadye anatsika ndi 0.09, pamene mlingo umene munthu amatchedwa wodwala shuga umayambira pa 7.0. Wodwala amene shuga wake ali pa 12 sangaone kusintha kulikonse.

Nanga za kuchepetsa thupi, zimene atsikana ndi amayi ambiri a m'tauni akutayira ndalama? Bungwe la Cochrane lomwe lija linaunika nkhaniyi m'chaka cha 2012. Linapeza kuti kuonda kwake n'kochepa kwambiri moti sikungasinthe umoyo wa munthu. Pa mayeso ochitikira kunja kwa Japan, kusiyana kwa omwa ndi osamwa kunali magalamu 40 okha, kulemera kosafika ndi dzira limodzi lomwe.

Pali nkhani inanso yosangalatsa kwa ife omwa tiyi wakuda. M'chaka cha 2022 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa ku Britain wolondola anthu pafupifupi theka la miliyoni, amene ambiri mwa iwo amamwa tiyi wakuda. Omwa makapu aŵiri kapena kuposerapo patsiku anapezeka ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi magawo 9 kufikira 13 pa 100 poyerekeza ndi osamwa. Fanizo la nsapato lija likugwiranso ntchito pano, komabe zikutionetsa kuti tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amene ali kale m'nyumba mwathu si wonyozeka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Pamene tiyi angapweteke

Ambiri amaganiza kuti chinthu chikakhala chachilengedwe sichingapweteke. Mlimi wa fodya amadziŵa kuti si zoona, pakuti tsamba laliŵisi la fodya likanyoŵa ndi mame limaloŵetsa chikonga pakhungu, wothyolayo n'kuyamba chizungulire ndi kusanza. Tsamba la tiyi ndi lofatsa kwambiri poliyerekeza ndi la fodya, koma nalonso lili ndi malire ake.

Chenjezo lalikulu lili pa makapisozi ndi maufa amene amati ndi mphamvu ya tiyi wobiriŵira yofinyidwa. M'chaka cha 2018, bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya linanena kuti tiyi wofulula m'madzi mwa nthaŵi zonse alibe vuto kwa anthu ambiri, koma kumwa EGCG wofika mamiligalamu 800 patsiku kudzera m'makapisozi kumaonetsa zizindikiro za kuvulala kwa chiŵindi. M'maiko ena alipo anthu amene anadwala chiŵindi kwambiri chifukwa cha mankhwala ochepetsa thupi a mtundu umenewu. Kuonjezera apo, za m'kabotolo kogulitsidwa m'chikwama palibe angakutsimikizireni kuti muli chiyani. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chachiŵiri ndi kuchepa kwa magazi. Ofufuza a ku Johannesburg anaonetsa m'chaka cha 1975 kuti tiyi womwera pa chakudya amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi, amene ndi wofunika popanga magazi. Ayironi amene amatsekerezedwa kwambiri ndi wochokera ku nyemba, nandolo, khobwe ndi masamba, ndiye kuti ndiwo zathu za tsiku ndi tsiku. M'dziko ngati lathu, mmene amayi oyembekezera, atsikana ndi ana ambiri ali ndi magazi ochepa, nkhaniyi si yaing'ono. Ndi bwino kumwa tiyi, wobiriŵira kapena wakuda, patapita ola limodzi chidyereni, ndipo mapiritsi oonjezera magazi a kusikelo asamwere tiyi.

Chachitatu, m'tiyi wobiriŵira muli kafini, ngakhale kuti ndi wochepa poyerekeza ndi wa mu khofi. Akachuluka amasoŵetsa tulo ndipo ena mtima umaŵagunda mofulumira. Mayi woyembekezera asapitirire makapu aŵiri kapena atatu patsiku. Komanso tiyi amatha kulimbana ndi mankhwala ena. Ku Japan, m'chaka cha 2014, anapeza kuti tiyi wobiriŵira amachepetsa kwambiri kuloŵa m'magazi kwa mankhwala ena a mtima otchedwa nadolol. Choncho amene ali pa mankhwala a nthaŵi yaitali auze adokotala asanayambe kumwa tiyiyu mochuluka.

Chomaliza ndi kutentha. Ife timakonda tiyi wochoka pamoto pomwepo, womwa mopemerera. M'chaka cha 2016, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa ya kum'mero, ndipo Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Kudikira mphindi zochepa kuti tiyi apoleko sikulira ndalama.

Kwa amene akufuna kumwa tiyi wobiriŵira, kakonzedwe kake n'kosavuta. Ŵiritsani madzi mokwanira, aphuleni ndi kuŵasiya mphindi zingapo, kenaka thirani pa kasupuni kamodzi ka masamba ndi kudikira mphindi ziŵiri kapena zitatu. Mukaŵiritsira masambawo pamoto monga timachitira ndi tiyi wakuda, amaŵaŵa kwambiri, ndipo kuŵaŵako ndi kumene kumaitana shuga.

Supuni yachinayi ija

Tsopano tibwerere ku tiyirumu kuja, pakuti chinthu chofunika kwambiri m'nkhani yonseyi sichinali m'chikwama cha mnyamata uja. Chinali m'dzanja la mkulu wogulayo.

Kasupuni ka tiyi kosasefukira kamanyamula shuga wolemera pafupifupi magalamu 4. Masupuni anayi ndi magalamu 16. Munthu womwa makapu atatu otere patsiku wamwa magalamu 48, ndipo pakutha pa chaka amakhala atamwa makilogalamu 17 ndi theka a shuga kudzera m'tiyi yekha, osaŵerengera wa m'phala, wa m'thobwa ndi wa m'zakumwa za m'mabotolo. Ndipo tonse tikudziŵa kuti supuni ya m'tiyirumu imabwera ndi phiri pamwamba. Malangizo a World Health Organization a m'chaka cha 2015 akuti munthu wamkulu asapitirire masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 patsiku pa zakudya ndi zakumwa zonse pamodzi, ndipo ndi bwino koposa atatsika kufika pa 6. Shuga wochuluka amanenepetsa, amaononga mano, ndipo kunenepa kopitirira ndiyo njira yaikulu yopita ku matenda a shuga.

Apa ndi pamene pagona phunziro la ku Japan limene amalonda satiuza. Anthu a ku Ohsaki aja, pa kapu iliyonse ya tiyi wobiriŵira imene ankamwa, ankamwa madzi ndi tsamba basi. Munthu wa kwa Mwase amene angachoke pa masupuni anayi n'kufika pa imodzi, ngakhale tiyi wake akhale wakuda yemwe uja, wachitira thupi lake chinthu chachikulu kuposa amene wagula tiyi wobiriŵira wodula n'kumuthira shuga wodzaza dzanja. Ndipo lilime limazoloŵera. Chotsani theka la supuni sabata ino, theka lina sabata inayo. Pakutha pa miyezi iŵiri tiyi wa masupuni anayi adzayamba kukukolani.

Pambali pa shuga pali mchere. Mlingo woyenera munthu wamkulu ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi kosasefukira pa zakudya zonse za tsikulo. Mchere wa mumphika, wina woŵaza pambale, wina wa pa chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya, wina wa mu nsomba zouma, kuphatikizapo soda wa m'therere amene nayenso ali ndi sodiyamu, zonsezi zimakweza BP. Kuchepetsa mchere kumatsitsa kuthamanga kwa magazi mofanana kapena kuposa mmene tiyi wobiriŵira angachitire, ndipo m'malo motaya ndalama, mumasunga.

Ndipo sitingakambe za mtima tili ku Kasungu osatchula fodya. Mbewuyi yaphunzitsa ana, yafolera nyumba ndi malata, ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikubweretsera dziko lathu ndalama zakunja zochuluka kuposa mbewu ina iliyonse. Palibe chifukwa chonyozera mlimi wake. Koma kulima ndi kwina, kusuta ndi kwina. Kafukufuku wa 2009 uja anapeza kuti bambo mmodzi mwa anayi alionse m'Malaŵi ankasuta. Utsi wa fodya, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya ndi chingambwe chopichira pa pepala, umalimbitsa ndi kuchepetsa mitsempha, ndipo umachititsa magazi kuundana msanga. Pa dziko lonse fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo m'chaka cha 2023 dziko la Malaŵi linaloŵa nawo m'pangano la maiko lochepetsa kusuta. Palibe kapu ya tiyi, ya mtundu uliwonse, imene ingafafanize zimene ndudu yalemba m'mitsempha.

Ntchito ya ophunzira

Nkhaniyi ndailembera makamaka inu aphunzitsi ndi inu achinyamata amene mwangomaliza kumene sukulu, chifukwa kumudzi ndinu amene mumapatsidwa kabotolo kuti muŵerenge zolembedwapo. Agogo akakufunsani kuti, "Kodi izi n'zoona, mdzukulu wanga?" yankho lanu lingatalikitse moyo wawo kapena kuufupikitsa.

Auzeni mwaulemu kuti tiyi wobiriŵira ndi chakumwa chabwino. Ngati akumukonda ndipo angathe kumugula popanda kusoŵetsa ana ndiwo, amwe makapu aŵiri kapena atatu patsiku, wopanda shuga, wosatentha kwambiri, ndiponso motalikirana ndi nthaŵi ya chakudya. Adzapindula pang'ono, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma auzeninso mosapsatira kuti tiyi ndi chakumwa, si mankhwala. Makapisozi osadziŵika gwero lake aŵapeŵe. Mapiritsi a BP kapena a shuga asaŵasiye pokhapokha adokotala atanena, ngakhale akumva bwino m'thupi, pakuti kumva bwinoko ndi umboni wakuti mapiritsiwo akugwira ntchito.

Koposa zonse, aperekezeni kukayezetsa. Kuyeza BP kumatenga mphindi zochepa, sikupweteka, ndipo m'zipatala za boma, kuyambira pa chipatala chachikulu cha Kasungu mpaka zing'onozing'ono za m'madera, salipiritsa. Munthu aliyense wamkulu ayenera kudziŵa manambala ake aŵiri aja monga mmene mlimi amadziŵira kulemera kwa belo lake lisanapite ku okushoni. Palibe mlimi wanzeru amene amatumiza fodya ku Chinkhoma osamuika pa sikelo. Nanga bwanji tikuyenda ndi mtima wosayezedwa?

Inu aphunzitsi mungathenso kuloŵetsa nkhaniyi m'kalasi popanda buku latsopano. Uzani ana aŵerenge masupuni a shuga amene amathiridwa m'tiyi kwawo kwa sabata imodzi, achulukitse ndi magalamu 4, kenaka ndi masabata 52, ndipo pomaliza apeze mtengo wake m'makwacha. Limenelo ndi phunziro la masamu, la sayansi ndi la zachuma pa nthaŵi imodzi, ndipo yankho lake likafika kunyumba lidzayambitsa nkhani pa mphasa.

Ndalama za fodya zimabwera kamodzi pachaka, ndipo zimabwera ndi thukuta la banja lonse, kuyambira pa nazale mpaka pa jeke. Si zoyenera kuthera pa lonjezo la m'chikwama. Mkulu wa m'tiyirumu uja akanathandiza mtima wake koposa akanabweza ndalama zake m'thumba, n'kubweza supuni yachinayi ija m'mbale ya shuga, ndipo m'maŵa mwake n'kumwa piritsi lake monga mwa nthaŵi zonse.

M'gawo lotsatira tidzaunika chidede, chakumwa chofiira chimene chimamera m'minda mwathu momwe muno, ndi zimene ofufuza apeza pa mphamvu yake yotsitsa kuthamanga kwa magazi.